Ndani Ankavomereza? Mbiri ya Kafue ndi Mapangano a Mayiko

Tawuni ya Kafue ili pa mtunda wa makilomita oposa 40 kummwera kwa Lusaka, pamalo pamene msewu waukulu ndi njanji zimawolokera mtsinje wa Kafue. Mtsinjewu umafika pano utayenda pang'onopang'ono m'madambo aakulu a Kafue Flats, koma ukangopitirira tawuniyi umalowa m'chigwa chopapatiza cha miyala n'kuyamba kuthamanga kutsikira ku Zambezi. Pakati pa madambo ndi chigwacho m'pamene panamangidwa mafakitale a feteleza, nsalu, zikopa, yisiti ndi zitsulo. Ena akugwirabe ntchito, ena anazima kalekale. Kubadwa kwawo, kukula kwawo ndi kufooka kwawo kunatsatira mapangano amene anasainidwa kutali, ku Lealui, ku London, ku Salisbury, ku Windhoek ndi ku Kigali. Choncho wofuna kumvetsa mbiri ya dera limeneli ayenera kutsata funso limodzi m'mibadwo yonse: pangano likamamanga dziko lonse, kapena mayiko angapo pamodzi, ndani ayenera kulivomereza lisanayambe kugwira ntchito?

Mapepala asanabwere

Akuluakulu amasimba kuti eni madambo akale anali Abatwa, asodzi amene ankakhala pa zilumba za m'mabango n'kumayenda pa mabwato. M'mphepete mwa madambo munali Aila ndi Atonga, oweta ng'ombe, amene chilimwe chikafika ankatsitsira ziweto zawo ku msipu wobiriwira wosiyidwa ndi madzi osefukira. Kumpoto ndi kummawa kunali Asala, Alenje ndi Asoli, ndipo kumunsi, kumene Kafue amathira mu Zambezi, kunali Agoba a mfumu Chiawa. Mitundu imeneyi inalibe mfumu imodzi yoilamulira yonse, komabe inkapangana za malo odyetsera ng'ombe, madoko owolokera, malo ophera nsomba ndi malonda a mchere, makasu ndi minyanga. Pangano linkachitikira pabwalo, akulu a mabanja ali pomwepo, mphatso n'kuperekedwa anthu akuona. Mfumu yopangana yokha kuseri inkadziwa kuti mawa anthu ake angathe kuikanira, poti mphamvu ya pangano inali mwa mboni zimene zinamva ndi makutu awo.

Ngakhale kumadzulo, mu ufumu wamphamvu wa Alozi, Litunga, mfumu yawo, sankagamula yekha nkhani zazikulu. Anali ndi bwalo la nduna lotchedwa Kuta, lotsogoleredwa ndi Ngambela. Asilikali a Litunga Lewanika anafika m'dziko la Aila mu 1882 ndi 1888 n'kutenga ng'ombe zambirimbiri, ndipo pachifukwa chimenechi Alozi ankawerenga madera a Kafue ngati awo, pamene eni malowo sankadziona choncho.

Pangano la Lochner ndi kufika kwa njanji

Mu June 1890, Frank Lochner, nthumwi ya kampani ya Cecil Rhodes ya British South Africa Company, anasainirana pangano ndi Lewanika pamaso pa Kuta ku Lealui. Mmishonale François Coillard ndiye ankamasulira. Lewanika ankafuna chitetezo cha Mfumukazi Victoria poopa Andebele, ndipo ankakhulupirira kuti akupangana ndi boma la Britain. Chimene chinalembedwa chinali kupereka ufulu wokumba miyala ya mtengo wapatali kwa kampani, posinthana ndi mapaundi 2,000 pachaka. Atazindikira, anayesa kulikana panganolo, koma pepala linali litapita kale. Kummawa, Harry Johnston, Alfred Sharpe ndi Joseph Thomson ankasonkhanitsa mapepala ena otero kwa mafumu, ambiri okhala ndi zidindo za anthu osadziwa zimene zalembedwamo. Angoni a Mpezeni, amene sanagonje ndi pepala, anagonjetsedwa ndi mfuti mu 1898.

Mtsinje wa Kafue unasanduka malire a zigawo ziwiri za kampani, North-Western Rhodesia ndi North-Eastern Rhodesia, mpaka malirewo anasunthidwira kummawa mu 1905. Aila, Atonga ndi Asoli sanafunsidwe pa zonsezi. Mu 1906 njanji yochokera ku Victoria Falls inawoloka Kafue pa mlatho wautali mamita oposa 400, ikulunjika ku mgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe. Pambali pa mlathowo panamera siteshoni, masitolo ndi mafamu a Azungu, ndipo chimenecho ndicho chiyambi cha tawuni ya Kafue. Amishonale a Methodist anatsegula sukulu ya Kafue Training Institute, kumene anaphunzira Harry Mwaanga Nkumbula, mwana wa ku dziko la Aila.

Zigawo ziwiri zija zinaphatikizidwa mu 1911 kukhala Northern Rhodesia. Mu 1924 kampani inapereka ulamuliro ku boma la Britain, ndipo panakhazikitsidwa nyumba ya malamulo ya atsamunda. Nyasaland inali nayo kale yake kuyambira 1907. Nyumba zimenezi zinalibe mawu pa mapangano ndi mayiko ena, chifukwa zonse zakunja zinkasainidwa ku London. Munthu wakuda anakhalamo koyamba mu 1948 ku Northern Rhodesia ndi mu 1949 ku Nyasaland.

Mmene Chitaganya chinavomerezedwera

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Azungu a ku Southern Rhodesia motsogoleredwa ndi Godfrey Huggins, ndi a kumpoto motsogoleredwa ndi Roy Welensky, analimbikira zoti mayiko awiriwa ndi Nyasaland amangidwe pamodzi. Kummwera kunali mafakitale, kumpoto kunali mkuwa, ku Nyasaland kunali anthu ogwira ntchito. Anthu akuda a kumpoto ndi a ku Nyasaland anakana kuyambira pachiyambi. Ambiri anali atagwirako ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ndipo ankawadziwa malamulo a chitupa ndi a kulanda malo. Mu 1949, ku London, Dr Hastings Kamuzu Banda ndi Nkumbula analembera pamodzi chikalata chotsutsa ganizoli.

Pa pepala, kuvomereza kunaoneka kokwanira, chifukwa nkhaniyi inadutsa m'makomo anayi. Ku Southern Rhodesia kunachitika referendamu pa 9 April 1953, ndipo pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse ovota anavomera. Koma ovotawo anali Azungu, akuda olembetsedwa anali mazana ochepa chabe. Nyumba za malamulo za ku Lusaka ndi ku Zomba zinavomera mwezi womwewo. Mmenemo ambiri anali akuluakulu a boma la atsamunda ndi nthumwi za Azungu, pamene aphungu akuda, amene sankapitirira atatu m'nyumba iliyonse, anakana koma mawu awo sanalemere kanthu. Pomaliza nyumba ya malamulo ya ku London inakhazikitsa lamulo, ndipo Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinabadwa pa 1 August 1953.

Kunja kwa nyumbazo anthu ankalankhula zina. Mafumu a ku Nyasaland anapita ku London kukadandaula kwa Mfumukazi koma sanaloledwe kuonana nayo. Nkumbula anatentha poyera chikalata cha boma la Britain chofotokoza za Chitaganya mu Lusaka. Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma, ndipo ku Thyolo ndi madera oyandikana nako anthu anafa pa zipolowe za mu August ndi September chaka chomwecho. Referendamu ndi nyumba zitatu zinavomera, eni dziko mamiliyoni anakana. Chilema chimenechi Chitaganya chinabadwa nacho ndipo chinafa nacho.

Nyumba ya malamulo ya Chitaganya inali ku Salisbury, ndi mipando 35: Southern Rhodesia 17, Northern Rhodesia 11, Nyasaland 7. Mwa onsewa akuda anali 6. Nkhani za chitetezo, msonkho wa katundu wolowa m'dziko, malonda akunja ndi kukwaniritsa mapangano a mayiko zinapita ku boma la Chitaganya, malinga ndi mphamvu zimene London inalola. Nyumba za m'mayiko atatu zinatsala ndi nkhani monga malo, mafumu, ndi maphunziro ndi ulimi wa anthu akuda. Motero pamene Salisbury inapangana za malonda ndi South Africa mu 1955, Lusaka ndi Zomba zinangolandira. Panali komiti ya African Affairs Board yoyenera kuteteza anthu akuda ku malamulo atsankho, koma itadandaula mu 1957 za kusintha kwa mipando ya aphungu, London inanyalanyaza dandaulolo.

Kafue kapena Kariba

Dera la Kafue linalawa msanga kuwawa kwa dongosolo limeneli. Migodi ya mkuwa inkasowa magetsi kwambiri, moti malasha a ku Wankie akachedwa pa njanji ankatentha nkhuni. Boma la Northern Rhodesia linali litapima kale chigwa cha Kafue, kumene madzi amatsika mamita mazanamazana pa mtunda waufupi, ndipo mu 1953 nyumba ya malamulo ya ku Lusaka inavomereza kuti damu limangidwe pamenepo. Ntchitoyi inali yotsika mtengo, yotha msanga, ndipo sikanasamutsa anthu ochuluka. Southern Rhodesia inkafuna damu la Kariba pa Zambezi.

Chitaganya chitabwera, nkhani ya madamu aakulu inalowa m'manja mwa Salisbury. Poyamba kunamveka kuti Kafue ndiye ayambe. Kenaka anaitanidwa akatswiri a ku France, mmodzi mwa iwo André Coyne, ndipo mu March 1955 Huggins analengeza kuti boma lasankha Kariba. Chifukwa chimene chinaperekedwa chinali chakuti kuchuluka kwa madzi a Kafue sikunapimidwe kwa zaka zokwanira ndipo Kariba adzapereka magetsi ochuluka. Kumpoto ngakhale Azungu anakwiya, powona kuti chigamulo cha nyumba yawo ya malamulo chafafanizidwa pomwe ndalama za mkuwa wawo ndizo zikalipire. World Bank inabwereketsa madola 80 miliyoni mu 1956, makampani a mkuwa anawonjezera mapaundi 20 miliyoni, ndipo makina opangira magetsi anaikidwa kutsidya la kummwera. Ku Nyasaland nakonso ntchito yaikulu ya chigwa cha Shire inakankhidwira kumbuyo.

Amene analipira koposa anali Atonga a ku Gwembe. Anthu pafupifupi 57,000 a mbali zonse za mtsinje anasamutsidwa, kusiya minda ya m'mphepete mwa madzi ndi manda a makolo awo. Mu September 1958, anthu a mfumu Chipepo atakana kusamukira ku Lusitu, apolisi anawombera ku Chisamu n'kupha anthu 8. Damu linatsegulidwa mu May 1960. Chigwa cha Kafue chinakhala chete, ndipo tawuni ya Kafue inakhalabe siteshoni ya sitima kwa zaka zina khumi.

Kutha kwa Chitaganya ndi zimene chinasiya

Dr Banda anabwerera ku Nyasaland pa 6 July 1958. Pa 3 March 1959 boma linalengeza nthawi ya ngozi, anthu anaphedwa ku Nkhata Bay ndi kwina, atsogoleri n'kutsekeredwa. Kumpoto Kenneth Kaunda anamangidwa mwezi womwewo. Komiti ya Devlin, kenaka ya Monckton mu 1960, zinapeza zimene anthu ankanena kuyambira kale, kuti Chitaganya sichinkafunidwa. Pamene anthu akuda anapambana masankho, ku Nyasaland mu 1961 ndi ku Northern Rhodesia mu 1962, nyumba za malamulo zomwe zija zinavomera mu 1953 zinasanduka malo ofunira kutuluka. Msonkhano wa ku Victoria Falls mu 1963 unagawa katundu ndi ngongole, ndipo Chitaganya chinatha pa 31 December 1963.

Zina sizinkagawika. Damu la Kariba linaikidwa m'manja mwa Central African Power Corporation, ya maboma awiri. Njanji ndi kampani ya ndege zinakhalabe zogawana kwa zaka zingapo. Kampani ya Rhodes inagwirabe ufulu wa migodi, wozikika pa mapepala aja a m'ma 1890, mpaka inaugulitsa pa mapaundi 4 miliyoni kutatsala maola ochepa kuti Zambia ilandire ufulu pa 24 October 1964.

Panalinso pangano la Barotseland, limene Kaunda, Litunga Mwanawina ndi nduna ya Britain Duncan Sandys anasaina ku London pa 18 May 1964, lolonjeza kuti Alozi adzasunga mphamvu zina pa malo ndi makhoti awo. Panganoli silinalowetsedwe m'malamulo oyendetsera dziko. Mu 1969, referendamu itatsegula njira yosinthira malamulowo mosavuta, nyumba ya malamulo inalithetsa, ndipo dera linatchedwa Western Province. Mkangano wake sunathe mpaka lero. Apa dziko latsopano linaonetsa kuti nalonso likhoza kuchita zimene linkadandaula kuti Salisbury ikuchita: nyumba yaikulu kugamula, chigawo chokhudzidwa chisanavomere.

Kafue asanduka tawuni ya mafakitale

Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa Rhodesia mopandukira Britain. Zambia inapezeka kuti magetsi ake, malasha ake, mafuta ake ndi njira yotulutsira mkuwa zonse zili m'manja mwa mdani. Boma la Kaunda linathamangira kwa abwenzi atsopano. Mu September 1967, ku Beijing, Zambia, Tanzania ndi China zinasainirana za njanji ya TAZARA. Paipi ya mafuta yochokera ku Dar es Salaam inatha mu 1968. Chigwa cha Kafue, chimene chinakanidwa mu 1955, chinakumbukiridwa. Kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia inayamba ntchito mu 1967, magetsi anayamba kutuluka mu 1971, ndipo damu la Itezhi-Tezhi litamangidwa kumtunda, siteshoni ya magetsi ya m'chigwachi inafika mamegawati 900 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Pokhala ndi madzi, njanji, msewu ndi magetsi, Kafue anasankhidwa kukhala mudzi wa mafakitale a boma pansi pa kampani ya boma ya INDECO. Kafue Textiles of Zambia inayamba kuluka nsalu ndi thonje la alimi a m'dzikomo, ndipo chitenje cha ku Kafue chinafika m'nyumba zambiri. Nitrogen Chemicals of Zambia, yomangidwa ndi Kobe Steel ya ku Japan, inatsegulidwa mu 1970, ikugwiritsa ntchito malasha a ku Maamba kupanga feteleza wa alimi ndi mankhwala a zophulitsira miyala m'migodi. Pambuyo pake kampani ya Klöckner ya ku Germany inaikulitsa. Bata inatsegula malo ofufutira zikopa. Nyumba za antchito zinamangidwa ku Kafue Estates, pamene ena anadzaza Zambia Compound ndi makomboni ena. Anthu anabwera kuchokera ku Chipata, ku Petauke, ku Copperbelt ndi ku Malawi, ndipo Chinyanja chinayamba kumveka pamsika pamodzi ndi Chitonga. Ana a asodzi ndi a oweta ng'ombe anaphunzira kukhala ndi moyo wa mashifiti ndi malipiro a pamwezi.

Zonsezi zinamangidwa ndi mapangano a ngongole ndi a luso ochokera kummawa ndi kumadzulo. Koma mwambo wotengera ku Britain unatsala: kusaina ndi kutsimikiza pangano inali ntchito ya pulezidenti ndi nduna zake. Aphungu a m'nyumba ya malamulo ya pa Manda Hill ankaliona pokhapokha pakafunika lamulo loti ligwire ntchito m'dziko, kapena ndalama zolipirira. Kuyambira December 1972 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndiye mafunso anacheperachepera. Zinthu zikuyenda bwino, ochepa okha anaona vuto.

Migwirizano yatsopano ndi kuzima kwa makina

Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, mafuta anakwera, ngongole zinakula. Nthawi yomweyo Lusaka inasanduka bwalo la migwirizano ya mayiko odzilamulira. Pa 1 April 1980 mayiko 9, kuphatikizapo Malawi, anakhazikitsa mgwirizano wa SADCC mumzindawu, ndipo mu December 1981 pangano la malonda la PTA linasainidwa momwemo. Mu 1987 nyumba za malamulo za ku Lusaka ndi ku Harare zinakhazikitsa malamulo ofanana, iliyonse payokha, kubala Zambezi River Authority yoyang'anira Kariba. Ichi ndi chitsanzo chabwino m'mbiri yonseyi: mayiko awiri olingana, pangano limodzi, aphungu a mbali zonse ataliona ndi kulisandutsa lamulo.

Mapangano amene anagwedeza miyoyo ya anthu kwambiri anali a IMF ndi World Bank, ndipo amenewa ankakambidwa m'maofesi a nduna. Anthu ankawamvera pa mtengo wa ufa, monga mu December 1986 pamene ku Copperbelt kunabuka zipolowe. Kaunda anatuluka m'pangano la IMF pa 1 May 1987, koma anabwereranso. Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991, linatsitsa msonkho wa katundu wakunja, linachotsa thandizo ku makampani a boma ndi kuyamba kuwagulitsa pansi pa lamulo la 1992. SADCC inasanduka SADC ku Windhoek mu August 1992, PTA inasanduka COMESA pa msonkhano wa ku Lilongwe mu December 1994, ndipo pa 31 October 2000 Zambia, Malawi, Zimbabwe ndi mayiko ena asanu ndi limodzi anayamba kugulitsana katundu popanda msonkho wa pamalire.

Misika yotseguka inathandiza ena, makamaka ogulitsa shuga, waya wa mkuwa ndi simenti kunja. Ku Kafue inafika ngati chilala. Makina a nsalu anali okalamba, ndipo sakanapikisana ndi nsalu zotchipa za ku Asia ndi mabelo a salaula, amene ku Malawi timati kaunjika. Fakitale ya nsalu inafooka mpaka inaimitsa ntchito m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, antchito akudikira ndalama zawo zopumira. Fakitale ya feteleza inatsala ikugwira pang'ono chabe, ikudalira maoda a boma. Amuna amene anali ndi luso la makina anabwerera ku mtsinje kukapha nsomba kapena kuphwanya miyala m'mbali mwa msewu. Sikuti mapangano okha ndiwo analakwa, poti kasamalidwe koipa ndi kusowa kwa ndalama zakunja zinali zitadya kale mafakitalewa. Koma liwiro lotsegulira malire, ndi funso loti antchito atani pambuyo pake, sizinakambidwe ndi anthu amene zinawagwera.

Lamulo la 2016

Makomiti angapo ounika malamulo oyendetsera dziko anamva dandaulo lomwelo kwa anthu: boma lisamamange dziko aphungu asakudziwa. Yankho linabwera mu January 2016. Gawo 63 la malamulo osinthidwawo likupatsa nyumba ya malamulo mphamvu yovomereza mapangano a mayiko asanatsimikizidwe, ndiponso ngongole za boma zisanatengedwe. Chaka chomwecho kunatuluka lamulo la Ratification of International Agreements Act lofotokoza njira yake. Nduna yokhudzidwa imaunika panganolo, kufunsa loya wamkulu wa boma ndi maunduna ena, n'kulitengera ku khonsolo ya nduna. Nduna zikagwirizana nalo, wachiwiri kwa pulezidenti amalipereka kwa aphungu. Komiti ya aphungu ikhoza kuitana mboni, amalonda, mabungwe a antchito ndi akatswiri, isanapereke lipoti. Aphungu akavomera m'pamene chikalata chotsimikiza chimatumizidwa kumene pangano limasungidwa. Ngakhale zitatero, makhoti saligwiritsa ntchito ngati lamulo la dziko kufikira litalowetsedwa m'malamulo a Zambia. Ku Malawi gawo 211 la malamulo oyendetsera dziko likunenanso kuti pangano latsopano limakhala lamulo la dziko ngati lamulo la nyumba ya malamulo latero.

Migwirizano nayo ili ndi miyeso yake. Mapangano a SADC amayamba kugwira ntchito mayiko awiri mwa atatu alionse akatsimikiza. Pangano la msika wa Africa yense, AfCFTA, losainidwa ku Kigali mu March 2018, linkafuna mayiko 22, ndipo linawapeza mu 2019. Malawi ndi Zambia anapereka zikalata zawo kumayambiriro kwa 2021. Pangano lolumikiza COMESA, SADC ndi East African Community linasainidwa mu 2015, koma linadikira mpaka July 2024 kuti mayiko 14 akwane. Dziko likhozanso kuchedwa dala. Pamene mayiko a m'chigwa cha Zambezi anasaina pangano la ZAMCOM ku Kasane mu 2004, Zambia, imene ili ndi gawo lalikulu la chigwacho kuphatikizapo Kafue yense, inakana kusaina kaye ndipo inalowa patapita zaka.

Ku Ulaya nkhaniyi inapita patali kuposa apa. Mapangano ena a European Union amafuna chivomerezo cha nyumba ya malamulo ya mgwirizano wonse, cha nyumba ya dziko lililonse, ndipo ku Belgium ngakhale cha nyumba za zigawo. Mu October 2016 aphungu a chigawo cha Wallonia, cha anthu osakwana mamiliyoni anayi, anaimitsa kusainidwa kwa pangano la malonda ndi Canada kwa masiku angapo mpaka nkhawa zawo za ulimi ndi makhoti a amalonda zitayankhidwa. Ku Zambia zigawo zilibe nyumba za malamulo, nyumba ya mafumu imangolangiza, ndipo Pan-African Parliament ya ku Midrand, yotsegulidwa mu 2004, ilibe mphamvu yokana pangano. Atsogoleri a SADC anagwirizana ku Lilongwe mu August 2021 kuti bwalo la aphungu a m'chigawo lisanduke nyumba ya malamulo, koma yokambirana ndi kulangiza basi. Ndiye kuti khomo lenileni la munthu wa ku Kafue ndi limodzi, phungu wake pa Manda Hill.

Kafue lero

Utsi sunatheretu m'dera la mafakitale. Fakitale ya zitsulo inamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, ndipo ya feteleza ikusakanizabe feteleza wa alimi. Kumunsi kwa chigwa, siteshoni ya Kafue Gorge Lower ya mamegawati 750, yomangidwa ndi Sinohydro ya ku China ndi ndalama zambiri zangongole, inamalizidwa mu March 2023. Pofika nthawiyo Zambia inali italephera kale kulipira ngongole zake mu November 2020, ndipo lamulo latsopano loyang'anira ngongole za boma linabwera mu 2022. Chilala cha 2024 chinatsitsa madzi ku Kariba ndi ku Itezhi-Tezhi, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo dziko linadalira magetsi ogula kwa oyandikana nalo kudzera mu Southern African Power Pool. Moyo wa tawuniyi ukadali womangirira ku mapangano a madzi, magetsi, malonda ndi ngongole.

Mayiko athu sangakhale okhaokha, ndipo dziko lopanda doko monga Zambia kapena Malawi limafuna anzake kuposa ena onse. Mbiri ya Kafue sikutsutsa mgwirizano. Ikuonetsa kuti mgwirizano womangidwa anthu akukana unatha patangopita zaka khumi, pamene wa Kariba wa 1987, umene nyumba ziwiri zinauvomereza molingana, ulipobe. Panapita zaka 126 kuchokera pa pepala la Lochner kufika pa lamulo lokakamiza boma kubweretsa mapangano kwa aphungu. Mphamvu imeneyi ikhoza kufota ngati aphungu angomvera chipani n'kuvomera chikalata chimene sanawerenge. Choncho antchito a m'mafakitale, alimi a thonje, asodzi ndi amalonda a ku Kafue, pamodzi ndi anzawo a ku Chipata, ku Lilongwe ndi ku Tete, azifunsa aphungu awo kuti pangano lililonse latsopano likunena zotani, lidzapindulira yani, ndipo amene lidzawapweteke adzathandizidwa bwanji. Komiti ikaitana maganizo, pitani mukalankhule pangano lisanatsimikizidwe.